Tsiku limene kompyuta idatsala pang'ono kundidanitsa ndi alamu anga

Pamalire a Mwanza, munthu ukhoza kulumbira mpaka kutchula makolo ako onse, koma ngati ulibe lisiti m'manja, katundu wako sachoka pamalo. Zimenezi ndimazidziwa bwino chifukwa mapepala ndi amene amandidyetsa. Ndili ndi kashopu kopanga fotokope, kutayipa ndi kupulinta makalata, m'mbali mwa msewu wa M6 umene umakalowa m'dziko la Mozambique pa Zobue. Makasitomala anga ndi madalaivala a mathiraki ochokera ku Beira, ku Harare ndi ku Johannesburg, anyamata a maejenti oombola katundu ku kasitomu, komanso amayi a geni opita ku Tete. Aliyense amabwera ndi pepala lake, ndipo aliyense amakhala ali pachangu.

Chida changa chachikulu ndi laputopu yakale ya Windows 10 imene achimwene anga a ku Joni adanditumizira pa basi. Batire lake lidafa kalekale, moti magetsi akangothima nayonso imathima pompo. Tsiku lomwe idafika, achimwene adandiphunzitsa pafoni zinthu zingapo, ndipo chimodzi chidali ichi: "Achemwali, mukafuna kusunga chomwe chikuoneka pa sikirini, mungodina batani lolembedwa PrtSc. Chithunzicho mukachipeza mu foda ya Screenshots."

Kwa zaka ziwiri zidayendadi choncho. Ndikadina, chithunzi chimakapezeka. Sindidafunsepo kuti zimatheka bwanji. Pajatu amati safunsa adadya phula.

Ndalama za banki mkhonde

Udali mwezi wa Juni, nyengo yomwe m'mbali mwa msewu monse mumadzaza mabasiketi a manachesi ndipo kum'mawa kumazizira zedi. Alamu anga, mlongo wawo wa bambo a kunyumba, adali atatenga ngongole ku banki mkhonde n'kuitanitsa mabulangete ndi majekete ku Johannesburg. Katunduyo adali m'thiraki ya munthu wina wonyamulira anthu katundu, ndipo pamafunika kumulipira K650,000 ya mayendedwe ndi msonkho thirakiyo isanafike pamalire. Munthuyo amafuna ndalamazo zilowe ku akaunti yake ya kubanki. Alamu alibe akaunti.

Lolemba m'mawa adabwera kushopu, namasula pakona pa chitenje, n'kundiwerengera ndalamazo patebulo. Ine ndidakaziika ku akaunti yanga, kenako ndidatsegula tsamba la banki pa laputopu n'kuzitumiza. Pa sikirini padabwera uthenga woti zatheka. Ndidadina PrtSc monga mwa masiku onse.

"Zapita alamu, ndipo umboni ndasunga," ndidatero.

"Osangondipulintira kamodzin'kamodzi?" adafunsa.

Panja padali madalaivala atatu akudikira mafotokope, wina akuguguda kale pakauntala. Ndidawauza alamu kuti adzatenge pepalalo mawa lake. Masana amenewo magetsi adathima, laputopu n'kuzima, ndipo ine nkhani ya pepalayo ndidaiwala.

Lachitatu cha m'ma 11 koloko alamu adatulukira ali wefuwefu. Thiraki idali itafika ndipo idali pamzere wa kasitomu. Mnyamata wa mwini thirakiyo adawauza kuti ndalama zawo sizikuoneka, ndipo ngati sabweretsa umboni thiraki isanatuluke pageti, katundu apitirira naye ku Blantyre, komwe azikalipiritsa tsiku lililonse lomwe akhale mosungiramo.

Ndidaseka. "Musadandaule alamu, miniti imodzi yokha."

Ndidatsegula foda ya Screenshots. Chithunzi chomaliza chidali cha masabata atatu apitawo. Ndidatseka, n'kutsegulanso. Chimodzimodzi. Ndidafufuza mu Documents, mu Downloads, ngakhale mu Recycle Bin momwe mumapita zofufutidwa. Mudalibe kanthu. Ndidatenga foni kuwaonetsa uthenga wa banki, koma uthengawo umangonena kuti K650,000 yachoka ku akaunti yanga, osatchula kuti yapita kwa ndani.

Alamu adakhala pabenchi, nayang'ana pansi kanthawi. Kenako adayankhula motsitsa mawu.

"Alamu, ine sindikunena kuti mwadya ndalamazo ayi. Koma amayi a kubanki mkhonde ndikawauza chiyani Loweruka?"

Amene adakwatiwapo akudziwa kulemera kwa mawu otere akachokera kuchimuna. Ndidamva thukuta likutsika kumsana ngakhale kunja kumazizira.

Mwana aulula

Cha m'ma 2 koloko mwana wanga woyamba, yemwe ali Fomu 3, adafika kuchokera kusukulu kudzandithandiza monga amachitira masiku onse. Adatipeza tonse tili duu. Nditamufotokozera, adakanda m'mutu, nayang'ana azakhali ake, n'kuyang'ananso ine.

"Amayi, mwina ndalakwitsa ndine. Paja munkadandaula kuti bandulo ikutha msanga? Ndinachotsa kamtambo kaja kamene kamaoneka pansi pa sikirini. Kamangolemba kuti kadzaza, komanso kamadya intaneti."

"Unachotsa liti?"

"Patha masabata atatu."

Kamtambo kameneko ndi OneDrive, pulogalamu ya kampani ya Microsoft yomwe imatenga mafayilo a pa kompyuta n'kumawasunganso pa intaneti. Malo aulere amene amapereka ndi 5 GB, ndipo akadzaza imayamba kuvutitsa ndi mauthenga. Chomwe sindinkadziwa n'chakuti kwa zaka ziwiri zonsezo, amene ankasunga zithunzi zanga ndikadina PrtSc adali OneDrive ya achimwene, poti iwo adaitchera kuti izichita zimenezo. Batani la PrtSc palokha silisunga chithunzi mu foda ina iliyonse.

Mwanayo adandifotokozera motere: ukadina PrtSc yekha, kompyuta imangogwira chithunzicho m'dzanja, kudikira kuti uiuze pokachiika. Dzanja limenelo amalitcha clipboard. Ukakopa chinthu china, imataya choyambacho n'kugwira chatsopano. Ikazima, imataya zonse. Ndiye chithunzi cha Lolemba chija chidakhala m'dzanjamo mphindi zochepa chabe, mpaka pomwe ndidakopa dzina la dalaivala wina potayipa kalata yake.

"Ndiye chibwezeretse," ndidamuuza.

"Sichingabwerere amayi, sichinasungidwe n'komwe. Koma banki siiwala. Lowaninso mu akaunti yanu."

Ndidali nditazolowera kulowa pa tsamba la banki kukatumiza ndalama basi, n'kutulukamo. Sindidayambe ndayang'anapo mbali yomwe imaonetsa mndandanda wa ndalama zonse zolowa ndi zotuluka. Mwanayo adandilozera, ndipo posakhalitsa tidaupeza mzere wa Lolemba: tsiku, K650,000, dzina la wolandira, ndi nambala yaitali ya malipirowo.

"Tsopano dinani mabatani awiri pamodzi, la Windows ili lokhala ndi timawindo tinayi, ndi PrtSc."

Ndidadina. Sikirini idachita ngati yaphethira, kuda pang'ono n'kuwalanso. Mwanayo adati kuphethirako ndiye chizindikiro choti chithunzi chasungidwa. Koma titatsegula Pictures kudzera pa kanjira kachidule komwe iye adaika pa sikirini atachotsa OneDrive, mudalibe chilichonse. Alamu adadzuka pabenchi n'kuyamba kumanga chitenje.

Mwanayo sadanjenjemere. Adadina batani la Windows pamodzi ndi R, pa sikirini n'kubwera kabokosi kakang'ono. M'kabokosimo adalemba shell:screenshots, nadina Enter. Mawu amenewa amauza kompyuta kuti itsegule foda yomwe ikuikamo zithunzi zake, kulikonse komwe fodayo ili. Idatseguka, ndipo chithunzi chathu chidali momwemo, pamodzi ndi zakale zija. Kompyutayo imaikabe zithunzi mu foda ya m'kati mwa OneDrive ya achimwene, osati mu Pictures wamba momwe timafunafunamo.

Ndidapulinta makope awiri. Alamu adakwera kabaza kuthamangira kumalire.

Patatha ola limodzi adaimba foni. Ndalamazo zidali zitafika Lolemba lomwelo. Anyamata a thirakiyo ankafufuza dzina la alamu pamndandanda wawo, pomwe ndalamazo zidalowa ndi dzina langa. Atangoona nambala ya malipiro papepalapo, adazipeza nthawi yomweyo.

Mmene tidaikonzera

Madzulo titatseka shopu, tidakhala pansi ndi mwanayo kuti vutoli lithe. Ndidamuuza kuti asagwire mausi, azingondiuza, ndizidina ndekha kuti zindilowe m'mutu. Zomwe ndidaphunzira usiku umenewo ndi pambuyo pake, pothandiza anzanga ena a mashopu ngati yanga, ndi izi.

Poyamba, dziwani chomwe batani lililonse limachita. PrtSc yekha amangokopa sikirini yonse n'kuigwira m'dzanja lija. Kuti musunge, tsegulani Paint kapena Word, dinani Ctrl ndi V, kenako museve. Alt ndi PrtSc amakopa windo yokhayo imene mukugwiritsa ntchito, koma nayonso sasunga. Amene amasunga okha ndi Windows ndi PrtSc, njira yomwe idayamba ndi Windows 8 mu 2012. Chithunzicho chimapita mu Pictures, mu foda ya Screenshots, ndipo chimapatsidwa dzina lokhala ndi nambala. Dzina la batanili lisakupusitseni: pamakompyuta akale a m'zaka za m'ma 1980, Print Screen inkatumizadi zolembedwa za pa sikirini ku pulinta, koma masiku ano sizitero.

Chachiwiri, pa malaputopu ambiri batani la PrtSc limagwira ntchito ziwiri, ndipo mawuwo amalembedwa ang'onoang'ono kapena a mtundu wina. Zikakhala choncho, pamafunika kudinanso batani la Fn: Fn, Windows ndi PrtSc pamodzi. Mnzanga wina wa shopu ya kumsika adakhala mwezi wathunthu akuganiza kuti kiyibodi yake idafa, chonsecho vuto lidali Fn yekhayo.

Chachitatu, ngati sikirini ikuphethira koma chithunzi simukuchiona, musayambe n'kuganiza kuti kompyuta yawonongeka. Chitani zomwe adachita mwana wanga: Windows ndi R, lembani shell:screenshots, dinani Enter. Mukaona kuti fodayo ili kwina, ibwezereni kwawo. Dinani fodayo ndi batani lakumanja la mausi, sankhani Properties, pitani pa Location, dinani Restore Default, kenako Apply. Kompyuta ikafunsa ngati isamutsire zithunzi zakale kumalo atsopanowo, vomerani. Ndi zomwe tidachita ife, ndipo kuyambira pamenepo zithunzi zimagwera mu Pictures. Vuto lomweli limabweranso ngati wina adasamutsira fodayo pa fulashi, kenako fulashiyo n'kuizula.

Chachinayi, onani ngati kompyuta ili ndi malo. Tsegulani This PC n'kuyang'ana mzere wa pa C. Ukakhala wofiira, ndiye kuti yatsala pang'ono kudzaza, ndipo ikadzaziratu palibe chomwe ingasunge. M'nyumba zambiri chomwe chimadzaza kompyuta ndi mafilimu ndi nyimbo za ana.

Chachisanu, pali njira yodulira kachigawo kokha ka sikirini: Windows, Shift ndi S. Pa Windows 10, kachigawoko kamangopita m'dzanja lija, ndipo muyenera kudina uthenga womwe umabwera pakona n'kuseva nokha. Pa Windows 11, yomwe idatuluka mu 2021, pulogalamu yatsopano ya Snipping Tool imatha kusunga yokha. Mukaona kuti sikusunga, itseguleni, lowani mu Settings yake, n'kuyatsa pomwe palembedwa zosunga screenshot payokha. Pa makompyuta ambiri a Windows 11, kudina PrtSc kumatsegula pulogalamu yomweyi.

Chachisanu ndi chimodzi, likulitseni dzanja lija. Dinani Windows ndi V, ndipo kompyuta ikufunsani ngati mukufuna kuti izikumbukira zomwe mwakopa. Mukavomera, imasunga zinthu mpaka 25 zomalizira. Zikadakhala kuti zidali zoyatsa Lolemba lija, kalata ya dalaivala sikadafufuta chithunzi cha alamu. Komabe kompyuta ikazima mndandandawo umafufutika, kupatula zomwe mwazikhoma ndi kapini, choncho kwa ife a mabatire akufa si podalira kwenikweni.

Tidamva zoti palinso njira yokonzera zimenezi m'kati mwenimweni mwa Windows, mu Registry. Mwana wanga amafuna kuyesa, ine ndidakaniza. M'menemo ukalakwitsa pang'ono, kompyuta ikhoza kukana kuyaka, ndipo kuno wokonza wodalirika sapezeka pakhomo. Ngati njira zonsezi zakanika, ndi bwino kuinyamula kupita nayo kwa katswiri.

Zomwe adanena achimwene

Usiku womwewo ndidawaimbira achimwene pa WhatsApp kuwafotokozera zonse. Adaseka mpaka kutsokomola, kenako adangoti zii.

"Achemwali, ndiye mapasipoti a anthu ndi makalata a galimoto omwe ndimangowaona mu zithunzi za mufoni mwangamu amachokera kwa inu? Ine ndimadabwa kuti anthu amenewa ndi ndani."

Apa m'pomwe ndidachita mantha kuposa masana. Kwa zaka ziwiri, screenshot iliyonse yomwe ndidajambula pothandiza kasitomala, kaya ndi ya pasipoti, ya chiphaso cha unzika kapena ya malipiro a kubanki, imakwera pa intaneti n'kukafika pa foni ya munthu amene ali ku South Africa. Mwamwayi munthuyo ndi achimwene anga. Nanga laputopuyo ndikadagula kwa munthu wosamudziwa? Makompyuta ambiri amene timagwiritsa ntchito kuno ndi akaunjika, ndipo ena amabwera akaunti ya mwini wake woyamba ikadali momwemo. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makompyuta lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2024, koma ngakhale pakadapanda lamulo, dalaivala amene wandipatsa pasipoti yake kuti ndimupangire fotokope sadandilole kuti ndiitumize kwina.

Achimwene adafufuta zonse kumbali yawo ine ndikumvetsera pafoni. Mwana wanga, yemwe masana ndidatsala pang'ono kumukalipira, adapezeka kuti adatseka mpata umene ine sindinkauona. Ndidangomupempha chinthu chimodzi: akasintha kanthu pa kompyuta ya ntchito, azindiuza tsiku lomwelo.

Achimwene adandikumbutsanso kuti Microsoft idalengeza kuti isiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo kompyuta yolowera kubanki siyenera kutsalira m'mbuyo pa chitetezo. Ndayamba kuponya kangachepe pambali kuti ndidzapeze ina.

Kwa inu amene mumatumizira ena ndalama

Ambirife screenshot tidaiphunzirira pafoni, pomwe ukadina batani lozimitsira ndi lotsitsira mawu pamodzi, chithunzi chimasungika chokha. N'chifukwa chake timaganiza kuti kompyuta nayo imatero. Mabanja ambiri tsopano amalipira fizi, lendi ndi katundu kudzera pafoni kapena pa intaneti, ndipo umboni wake umakhala kachithunzi kameneka. Mukajambula, tsegulani muone ngati chilipodi musanatseke tsambalo. Zimatenga masekondi ochepa.

Komanso musadalire chithunzi chokha. Lembani nambala ya malipiro m'kope, pamodzi ndi tsiku ndi dzina la wolandira. Chithunzi chikhoza kutayika, ndipo akamberembere amatha kupanga chabodza chooneka ngati chenicheni, koma nambalayo banki ikhoza kuitsata. Ngati ndinu wogulitsa, musapereke katundu chifukwa choti wina wakuonetsani screenshot. Yang'anani mu akaunti yanu ngati ndalama zalowadi. Ndipo mukamatumizira wina ndalama kudzera ku akaunti yanu, lembani dzina la mwini ndalamazo pamalo ofotokozera cholinga cha malipiro. Ndikadalemba dzina la alamu pamenepo, anyamata a thiraki aja sakadasochera n'komwe.

Loweruka la sabata imeneyo alamu adakapereka gawo loyamba la ngongole yawo ku banki mkhonde, atagulitsa mabulangete angapo pamsika wa pa Boma. Madzulo ake adabwera kunyumba ndi jumbo ya manachesi ndi jekete limodzi la mphwawo wa Fomu 3 uja. Za mawu a pabenchi aja sitidakambiranenso, ndipo sindikuona chifukwa chowakumbutsira. Akanakhala ine, nanenso ndikadafunsa chimodzimodzi.

Masiku ano ndikatsegula shopu m'mawa, ndisanalandire kasitomala woyamba, ndimadina Windows ndi PrtSc, n'kutsegula foda kuona ngati chithunzi chagwera. Ndipo munthu akandipatsa ndalama zoti ndimutumizire, kaya panja pali madalaivala khumi akuguguda pakauntala, sachoka pashopu panga wopanda pepala m'manja.